Mtedza Wonyowa pa Maliro a Edina

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Sikunali kugona kwenikweni. Ndinangosinza pa benchi nditatsamira khoma la nyumba ya siwa, moto wa amuna utasanduka phulusa. Unali mwezi wa Julaye, ndipo mwera unkatsika kuchokera ku mapiri a ku Mvera n'kumalowa m'mabowo onse a jekete langa. M'nyumba amayi a chigwirizano anali atatopa nako kuimba. Panatsala mayi mmodzi wa mawu osasa amene ankangobwereza ndime yomweyomweyo.

Wogona m'nyumbamo anali Edina, mwana wa mlongo wanga. Ine ndine mtsibweni wake, mwini mbumba, ndipo ndinamulera kuyambira pamene bambo ake anapita ku Joni osabwerako. Anamwalira Lolemba madzulo atadwala miyezi inayi, asanakwanitse zaka makumi anayi. Tsiku limene ndikufotokozali linali Lachitatu, tsiku loika, m'chaka chachitatu cha zipani zambiri.

Kusanayere adzukulu anadutsa ndi makasu paphewa kulowera ku manda. Kuseri amayi anayala mafuwa m'mizere n'kukoleza moto, utsi ukukwawa pansi chifukwa cha chisanu. Ena anapita kukaika masamba pamsewu wochokera ku Msakambewa. Ine nditayang'ana mabenchi amene tinabwereka kutchalitchi ndinaona kuti sakwana. Ndinanyamuka kupita ku shedi ya kalabu, imene ili kumunsi kwa nyumba ya Edina, kuti ndikatenge ziguduli zoti anthu akhalire.

Nditatsegula chitseko, fungo linandiuza zonse maso asanaone. Linali fungo la dothi limene lagwa mvula. Mu shedimo munali milu iwiri ya mtedza wosaswa. Mulu wa kukhomo unali wofundidwa ziguduli, ndipo pambali pake panali kheni yothirira ku nazale ya fodya, madzi akadalimo pansi. Ndinapisa dzanja mu muluwo. Makoko anali ofewa ngati khungu la khanda. Mulu wa kumapeto unali wouma, sanaukhudze.

Wina angafunse kuti chaopsa n'chiyani pa madzi a mu kheni. Ndifotokoze. Kalabu yathu ndi ya alimi a mtedza wa chalimbana. Msika wa boma utasiya kukhala wogula yekhayo, kunadzaza mavenda a masikelo opachika pamtengo, ogula lero mawa osaoneka. Edina sanawafune. Iye anaphunzirako ku Mvera ndipo ankatha kulemba kalata yomveka. Anapeza mayi wina wa ku Lilongwe amene amatumiza mtedza kutsidya kwa nyanja, kwa anthu amene amaukazinga n'kuuika m'timapaketi. Mayiyo anabwera kwathu katatu asanagule ndi njere imodzi yomwe. Ankakhala pamphasa, kutionetsa kukula kwa njere zimene anthu akewo amafuna, ife n'kumuuza zimene nthaka yathu ingathe ndi zimene singathe. Titadandaula kuti matumba a pulasitiki amatuluka thukuta, iye ndiye anatibweretsera ziguduli. Mvula ikachedwa, Edina ankamulembera kuti achenjeze anthu ake. Mbewa zikaononga, ankamulemberanso. Lamulo lalikulu linali limodzi: mtedza usaone madzi ukachoka m'munda. Madzi amabala chuku, chuku china chosaoneka ndi maso, ndipo kutsidyako ali ndi makina ochipeza. Akachipeza amakana katundu yense, wabwino ndi woipa yemwe.

Koma mtedza wouma gwa umapweteka pouswa. Umang'amba chala chachikulu. Kuyambira kale kwathu kuno anthu amauwaza madzi madzulo kuti m'mawa makoko afewe. Msika wa boma sunkafunsa. Lole ya mayi uja inali yoti ibwera Loweruka, ndipo chifukwa cha matenda a Edina ntchito yoswa inali isanayambe.

Ndinatuluka ziguduli ndisanatenge. Wapampando wa kalabu ndinamupeza akuotha moto, chipewa chili pabondo. Ndinamuitanira pambali, kuseri kwa khola.

"Akulu, ndani wathira madzi mtedza uja?"

"Aa, atsibweni a malemu, lero ndi tsiku la zimenezo? Lirani kaye mwana."

"Ndakufunsani."

"Tangowaza pang'ono, mulu umodzi. Winawo tiwaza tikachoka ku manda. Masiku atatu atha tili pano. Mukufuna amayiwa aswe milu iwiri ndi mano?"

"Edina analetsa."

"Edina wagona, akulu. Ndipo mzungu wa kutsidya kwa nyanja adzanunkhiza bwanji madzi a pachitsime chathu? Tiuyanika Lachisanu, uuma bwinobwino. Inu lero ntchito yanu ndi kuthokoza anthu. Mwini mbumba salongolola pamaliro."

Anavala chipewa n'kubwerera pamoto. Posakhalitsa ndinaona wina akupita ku shedi ndi loko m'manja.

Ndinatsala kuseri kwa kholako. Ndinkafuna kumutsatira wapampandoyo, kumugwira pakhosi. Koma mawu amene ananenawo ndinkawadziwa. Anali mawu anga. Ndinadziuza omwewo zaka zitatu zapitazo.

Chaka choyamba chimene mayi wa ku Lilongwe anatigula, aliyense ankaswera kwake. Ine mkazi wanga anali atamwalira kumene, ndinali ndekha, zala zitang'ambika mpaka kutuluka magazi. Madzulo ena ndinatenga ndowa n'kuwaza matumba anga asanu ndi limodzi. Ndinaswa m'masiku awiri, kuyanika tsiku limodzi, kusoka. Anasakaniza ndi wa anzanga, lole inanyamula. Patapita miyezi itatu kunabwera kalata ya Chingerezi yonena kuti katundu yense wakanidwa.

Anthu sanakhulupirire za chuku. Anati mtedza unachoka pano woyera mbee, chuku chachokera kuti? Anati Edina wagulitsa mwamseri ndipo kalatayo walemba yekha. Ku mjigo amayi ankasiya kuseka iye akafika. Akulu a mpingo anamuitana kuti akafotokoze, n'kumuimika kudya mgonero kwa miyezi isanu ndi umodzi. Iye anayenda khomo ndi khomo kufunsa amene anathira madzi. Anafika kwa ine pomaliza. Anakhala pakhonde panga, pomwe ankakhala kale pondionera sileti. Paja ine kusukulu ndinapita imvi zitamera kale, ku sukulu ya kwacha, ndipo zilembo zimene mukuwerengazi anandiongola ndi iyeyo. Anandifunsa moseka, ngati kungokwaniritsa mwambo. Ndinamuyang'ana m'maso ndi kunena kuti, ine ayi, mwanangu. Anati ankadziwa kale, anangofunsa kuti anthu asamati wakondera kwawo.

Pambuyo pake anakwera basi yekha kupita ku Lilongwe kukapempha kuti atiyesenso. Ndiye chifukwa chake tinamanga shedi, kuti tonse tiziswera pamodzi iye akuona. Zaka ziwiri zotsatira mtedza wathu unadutsa bwino. Koma dzina la wakuba silinamuchoke. Anthu ankadya za thukuta lake akunong'onezana.

Dzuwa silinatuluke tsiku la malirolo. Kunangoyera motuwa, mitambo itakhala pamwamba pa mapiri. Anthu anayamba kufika cha m'ma eyiti. Oyamba anali a midzi yoyandikana, amayi atasenza mitolo ya nkhuni ndi ufa m'mabeseni. Kenaka a njinga ochokera kutsidya kwa dambo, amene ankatsika pamasamba paja n'kumakankha. Aphunzitsi awiri anabwera wapansi kuchokera ku Mvera, nsapato zitafiira ndi fumbi. Amayi akafika pamtengo wa muwanga ankayamba kulira, a m'nyumba n'kumawayankha.

Ndinakhala pampando wanga wa mwini maliro ndikugwira chanza aliyense, ndipo aliyense ndinkamudziwa chimene ananena. Uyu ndiye anati Edina wagula nsapato ndi mtedza wathu. Uyo ndiye anakana kumupatsa moni kutchalitchi. Tsopano ankagwada pamaso panga nkhope zili zakugwa. Mavenda awiri anabweranso, anakhala kumapeto, maso ali ku shedi ngati akhwangwala pamsika wa nyama. Anthu a chipani anafika pa galimoto yopanda denga, anaimika pafupi ndi khomo kuti aliyense aone, n'kutumiza uthenga kuti apatsidwe mpata woyankhula. Edina sanawaonepo ndi tsiku limodzi ali kudwala. Ndinkapsa mtima ndi onsewo, ndipo mkwiyo uliwonse unkabwerera kwa ine ndemwe, pakuti mwa onse amene anali pabwalopo wabodza wamkulu ndinali ine.

Mayi wa ku Lilongwe anafika cha m'ma teni. Galimoto anaisiya kutali kumsewu, anabwera wapansi atavala chitenje ndi mpango ngati mayi wina aliyense. Analowa m'nyumba, ndipo kulira kwake tinakumva panja. Atatuluka sanapite pamipando ya alendo. Anapita kuseri kukathandiza kusadzula ndiwo. Wapampando anamutsatira komweko, akupinda mawondo, kumutsimikizira kuti pa Loweruka zonse zikhala zokonzeka, ntchito ya malemu siifa. Mayiyo anati aone mtedzawo asanabwerere. Wapampandoyo anati kiyi ali ndi munthu amene wapita ku manda.

Adzukulu atatumiza mawu kuti nyumba yatha, bokosi linatulutsidwa n'kuikidwa pamabenchi awiri pakati pa bwalo. Mwambo unayamba. Wachipani anayankhula za ufulu ndi misika, dzina la malemu analiphonya kawiri. Wapampando anayankhula nthawi yaitali. Anati mutu umodzi susenza denga. Anati Edina anali nsanamira ya kalabu, munthu woona mtima amene sanatengepo kanthu ka mwini. Anthu anavomera ndi mitu.

Kenaka mkulu wa mpingo anaitana mwini mbumba kuti athokoze anthu.

Ndinaimirira. Ndinathokoza adzukulu, amayi a kumoto ndi amayi a chigwirizano, monga mwa mwambo. Pamenepo ndinayenera kukhala pansi. Ndinayang'ana bokosi. Ndinadziwa kuti ndikakhala, madzulo awaza mulu wachiwiri, Loweruka lole inyamula, ndipo pakatha miyezi itatu kubwera kalata ina. Wokwera basi kukapepesa sakhalaponso. Ndinadziwanso kuti sindingaloze kheni ya wina ndowa yanga nditaibisa.

Ndinati: "Mwana uyu munamutcha wakuba. Sanabe. Mtedza umene unakanidwa uja ndinathira madzi ndine, matumba asanu ndi limodzi. Anandifunsa, ndinakana. Mgonero munamuletsa uja munayenera kuletsa ine."

Kenaka mkulu wa mpingo anandikoka jekete. Amayi ena anayambitsa nyimbo, monga amachitira munthu akatalikitsa mawu pamaliro, kuti nyimboyo imukhazike pansi. Inakula msanga, ndipo mawu anga anamira. Pamenepo mlongo wanga, mayi ake a Edina, amene anali asanayankhule chiyambire Lolemba, anadzuka pamphasa pafupi ndi bokosi.

"Tasiyani nyimboyo! Musiyeni amalize."

Nyimbo inaduka pakati.

"Ndipo lero," ndinatero, "mwanayu asanalowe m'nthaka, mulu umodzi mu shedi umo wathiridwa kale madzi. Winawo akuti athira tikachoka ku manda. Mayi a ku Lilongwe, mwamva ndi makutu anu. Ine ndatha."

Wapampando anaimirira n'kukuwa kuti mkuluyu chisoni chamuzunguza mutu. Wina kumbuyo anati, mfiti imaulula yokha. Mayi wina anati, nanga ana athu adya chiyani, mwatiphera msika pamaliro. Abusa anakweza dzanja n'kuyamba kuwerenga mawu, ndipo phokoso linatsika pang'onopang'ono. Ulaliki sindinaumve. Munthu amene ndinakhala naye pa benchi anasendera kumapeto.

Tinanyamuka kupita ku manda dzuwa litapendeka, ngakhale sitinkaliona. Mawawa anayamba kugwa, timvula tosanyowetsa msanga koma tolowa m'mafupa. Amayi a chigwirizano anatsogola ndi nkhata, m'mizere iwiri, bokosi pambuyo pawo likusinthana mapewa. Njira ya ku manda kwathu imadutsa m'minda ya mtedza imene tinakumba mu Meyi, kenaka imakwera kamtunda ka miyala. Pokwera mpweya unandithera, ndinaima kawiri. Masiku ena pamakhala wogwira mkono nkhalamba yoferedwa. Tsiku limenelo anthu ankandilambalala mbali zonse ziwiri ngati madzi pa chitsa.

Pamanda adzukulu anagwira ntchito yawo bwino, zimenezo sindingawanamizire. Anatsitsa bokosi mosamala, anayala mphasa ndi timitengo, n'kuyamba kukwirira. Nditaitanidwa kuponya dothi, ndinatapa lodzaza dzanja. Ndinafuna kunena kanthu kwa iye, koma zonse zimene ndinali nazo ndinali nditanena kale kwa anthu amene sanaziyenere, iye amene anaziyenera osamva. Ndinaponya. Nkhata ya kalabu anaika wapampando.

Titabwerera n'kusamba m'manja panjira, mayi wa ku Lilongwe sanapite kukadya. Analunjika ku shedi n'kuima pakhomo. Anangoima pamenepo, mawawa akumugwera, mpaka kiyi anapezeka m'thumba la wapampando. Anthu a kalabu tinalowa pambuyo pake. Anapisa mkono mu mulu woyamba mpaka m'chigongono, anatulutsa, ananunkhiza. Anapita pa wachiwiri, anaswa njere zingapo n'kuziluma.

"Wonyowawu sinditenga, ngakhale muuyanike mpaka Khirisimasi. Gulitsani kwa anzanu a masikelo ali panjawo."

"Mayi, tinangowaza pang'ono," anatero wapampando.

"Bambo, anthu anga kutsidyako sagula mtedza chifukwa kulibe mtedza kwina. Amagula chifukwa ndikawauza kuti ndi wouma, amakhulupirira. Ine ndinkawauza chifukwa Edina wandiuza. Tsopano andiuze ndani? Inu?"

Kenaka analoza mulu wachiwiri.

"Woumawu, mukauswa wouma, lole ibwera Loweruka. Ndibwera nayo ndekha. Ndipo ndidzayamba kuona zala zanu ndisanaone mtedza. Munthu woswa wouma amadziwika chala chachikulu."

Wina anafunsa za chaka chamawa. Anati za chaka chamawa sakudziwa. Potuluka anaima pamaso panga. Ndinkaganiza kuti mwina athokoza. Sanatero.

"Agogo, chaka chija ndinatsala pang'ono kutsekeredwa khomo ndi anthu amene ndinawafunafuna zaka zambiri. Ndipo kwa mwezi wathunthu nanenso ndinkamukayikira mtsikana uja. Munandichimwitsa."

Anapita kukatsazika mlongo wanga, n'kuyenda wapansi kubwerera kumsewu.

Mavenda sanachedwe. Anthu asanamalize kudya anali atayamba kale kunong'onezana ndi wapampando kuseri kwa khola. Amuna ambiri a kalabu ananena poyera kuti iwo saswa mtedza wouma m'masiku awiri chifukwa cha nkhalamba yopenga, aswe yekha amene wayambitsa. Mwambo wathu ndi woti abale ndi anansi amagonanso pasiwa usiku wa tsiku loika, kudikira kusesa m'mawa. Tsiku limenelo dzuwa lisanalowe bwalo linali litayera. Mabenchi anabwezedwa kutchalitchi. Kuseri kunatsala mafuwa akuda ndi agalu.

Madzulo ndinalowa m'nyumba ya Edina. Katundu anali akadali panja pomwe tinamutulutsira, ndipo chipinda chinkaoneka chachikulu. Munatsala mlongo wanga ndi amayi atatu a kalabu, amene sanaimbe nawo nyimbo yondikhazika pansi ija. Koloboyi ankayaka pawindo. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Zaka zitatu, alongo," anatero mlongo wanga osandiyang'ana. "Munkadya m'nyumba muno. Munadikira kuti makutu ake atsekedwe ndi thonje."

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Musaganize kuti ndinaletsa nyimbo ija chifukwa cha inu."

Anadzuka n'kutuluka. Ndinamva chitseko cha shedi chikulira. Mwambo umati ntchito idikire kusesa, koma iye sanadikire. Anabwera ndi dengu la mtedza wa mulu wouma, analikhuthula pakati pa mphasa, n'kukankhira lichero limodzi kumapazi anga. Amayi atatu aja anasendera pafupi osauzidwa.

Mulu uja unali waukulu, ndipo tinali anthu asanu. Ndinatola mtedza woyamba n'kuufinya. Khoko linali louma gwa, ndipo ndisanaswe khoko lachisanu chala chinali chitayamba kale kuwawa. M'nyumba monse munkangomveka thwa, thwa, thwa. Palibe anandiuza kuti ndipume.